Chiluwe cha ku Chidikiro

Uthenga unabwera usiku pa foni ya mlamu wanga:
"Mumuuze Fabiyano, nyama ayi, usipa ayi,
mtima wanga uli pa chiluwe."
Sabata yachitatu tsopano Sikolasitika ali ku chidikiro,
pa chipatala cha ku Dedza,
mapazi otupa, akuwerenga misomali ya kudenga.

Ndiye m'mamawa, nkhungu ya pa Bembeke isanatsike paphiri,
ndinalowa m'munda ndi lichero,
mame akundinyambita mpaka m'mawondo.
Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuidya ndiwo imeneyi,
kunyambita ndi mbale yomwe,
osadziwa kuti m'maungu mulinso malamulo.

Nditatambasula dzanja pa duwa lalikulu,
lachikasu ngati lanyika mutu m'dzuwa,
Dominika anandigwira mkono.
Kamwana ka sitandade fili.
"Ababa, limenelo ayi. Suzumirani kunsi."
Ndinawerama.
Pansi pa duwa panali kamimba,
kadzungu kobiriwira, kaubweyaubweya,
kosaposa dzira la njiwa.
"Ili ndi lalikazi. Amayi amati lisiyeni, lili ndi pakati.
Muzithyola aamunawa, a miyendo yaitaliwa,
angoima chilili, sabala kanthu."

Ndinaseka
kuseka kwa munthu amene mwala wamupeza ali chete.
"Koma musamalize onse," anatero, "siyaniko awiri atatu.
Njuchi zimawafuna."
Chabwino, mwana wanga. Awiri atatu.
Kantchito tili nakobe.

Pakhonde tinawatsegula limodzilimodzi
monga muja atsegulira kalata yonyowa.
Nyerere zinatuluka pamzere, zopanda manyazi.
M'duwa lina munali njuchi yogona,
itadzola ufa wachikasu thupi lonse;
inandizungulira kawiri, n'kutukwana, n'kupita.
Tinachotsa timitima ta pakati, Dominika akuti timawawa,
tinasadzula tizingwe ta kumapesi,
tinatsuka ndi nsonga za zala basi,
poti duwa silifuna manja a khasu ngati angawa.

Madzi pang'ono. Kachidulo.
Timasamba tanthete ta nkhwani, tomato awiri a kudimba,
nsinjiro zomwe ndinasinja ndekha
amayi a kuseri akusuzumira pampanda,
akufunsana ngati kwagwanji.
Nditavundukula mphika mtima unati phwii:
lichero lonse lija lafota,
latsala kadzanja kamodzi,
ngati ndalama ya kabichi ukachotsa ya feteleza.
Koma fungo!
Fungo la Sikolasitika akabwera kumunda mwezi wa Malichi,
mtedza, utsi, ndi kanthu kena konga mvula.

Ndinamanga kabakuli m'chitenje chake chakale,
kumbuyo kwa njinga, mfundo zitatu.
Pamsewu waukulu malole a mbatata akundipemerera mphepo,
ine dzanja limodzi pahandulo,
lina kumbuyo, kumvetsera ngati mukadali mofunda.
Pachitunda ndinatsika n'kukankha.
Wanjinga yamoto wina anakuwa, "Mwanyamula mazira, akulu?"
Sindinayankhe.
Ukamuuza munthu kuti wanyamula maluwa ophika
nkhani imatalika.

Anali pamkeka, kuseri kwa khoma, pamodzi ndi anzake odikira.
Anamasula mfundo zija mosafulumira,
ananunkhiza, n'kutseka maso.
Analawa.
"Mchere mwachulutsa."
Analawanso.
Sanayankhulenso mpaka pansi pa bakuli panawala,
chala chikuzungulira m'mbali.
Mayi wina wa ku Linthipe anapempha kokanda,
anangopatsidwa fungo.

Kenaka anandiyang'ana, diso lija la pa malonda:
"Aakazi aja munawasiya?"
"Ndinawasiya."
"Onse?"
"Ndinawerenga. Khumi ndi limodzi."
Anatenga dzanja langa, lonunkhabe utsi,
lachikasu m'zikhadabo,
n'kuliika pamimba pake pamaso pa anthu onse aja.
M'katimo wina anandimenya kachidendene.

"Akamakhwima amenewo," anatero,
"podya tidzakhala anayi.
Bakuli mutenge.
Mawa mchere muchepetse."