Lilime Lobwereka

Anandiimika pakhonde la nyumba ina ku Kabulonga,
magetsi atatu akundiwamba pamphumi,
bwana wa kamera nati, "Bwereza.
Wakamba monga wa mu tauni.
Tifuna wa ku Chadiza weniweni,
wotsika basi dzulo, fumbi likadali m'makutu."

Ine wobadwira ku Kalingalinga,
mlatho wa Luangwa ndinauwoloka kawiri kokha,
kawiri konseko kupita kumaliro.
Lilime langa ndi la m'minibasi:
nifuna, nayenda, manje manje.
Ka "ndi" kaja ndinakameza ndili giredi yachiwiri
tsiku limene kalasi yonse inandigwera ndi phwete.

Ndiye ndinabwereka.
Ndinalowa m'kamwa mwa atate osaodira,
ndinatola "ndithudi" wawo,
ndinatola "pepanitu" uja amamukoka ngati ulusi,
ndi kakhosomo kamene amayambira nkhani yolemera.
Zonsezo ndinazithira mchere wodutsa muyeso.

Mwiche wa zodzoladzola anandidetsa dzino limodzi,
nandipaka phulusa m'miyendo.
Jekete lofika m'mawondo,
buluku lomangira chingwe cha katundu,
nsapato yakumanzere yoyasamula,
m'thumba mbewa zisanu zapanidwa pakamtengo.
Dzina langa linakhala Jailosi,
wogwadira firiji, wopereka moni kwa galasi.
"Wamupeza!" anatero bwana, misozi ili mbwee ndi kuseka.

Lachinayi usiku magetsi sanazime.
Anansi anadzaza chipinda mpaka pazenera,
ana a kwa a Siame atakhala pathumba la makala.
Jailosi anawomba m'manja pamaso pa firiji,
nyumba yonse inagwedezeka.
Amayi nawo anaseka,
kenaka anacheukira kumpando wa pakona
nayamba kukonza duku lomwe linali bwinobwino.

Pampandopo panali a Lefani Miti,
telala wa ku Kamwala zaka makumi atatu ndi zinayi,
munthu amene sanatulukepo pakhomo
buluku lake lisanaone simbi,
amene amawerenga nyuzipepala mpaka zamaliro zomwe,
amene firiji yathu anaikonza okha kawiri.
Anamva kakhosomo kawo kakutuluka m'bokosi
katavala sanza.

Anthu atabalalika ndinadikira bingu.
Iwo anapinda magalasi, nawaika m'thumba la malaya.
"Kwathu sitikuwa popereka moni," anatero.
"Ndipo buluku lija anasoka ndani?
Ubwere nalo ndilikonze mpendero."
Basi. Anapita kukagona.

Ndalama ya Jailosi inalipira lendi ya miyezi iwiri.
Kondakitala wa ku Mtendere anakana ndalama yanga,
"Mudala, kambako ija ya firiji!"
Ndinakamba. Basi yonse inaseka,
kupatula mayi wina wonyamula dengu la nyemba
amene anangoyang'ana kunja mpaka pa Kulima Tawa.

Loweruka ndinapita nalo buluku ku Kamwala.
Ndisanafike pakhonde ndinawamva
akulankhula ndi mnyamata wodzatenga suti:
"Nizasiliza mailo, boi. Ubwele na ndalama."
Mawu afupiafupi, odulidwa ndi sizasi,
ngati malaya a mwini ofinya m'khwapa.
Zaka zonsezi Lusaka inalephera kuwadula lilime.
Ine ndinangofuna mphindi makumi awiri ndi zinayi
ndi zotsatsa malonda a sopo pakati.

Anandiona, nalandira buluku,
nalitembenuza kunsi, nalipenda pa dzuwa.
"Nsalu yake ndi yabwino," anatero,
"angoing'amba dala."
Makina anayamba kulira.

M'thumba langa muli pepala la chigawo chachiwiri.
Akuti Jailosi adzakwera chikepe cha ku Manda Hilu,
adzagwira khoma, adzaitana amake.
Cholembera ndili nacho.
Ndaima pano pakati pa timapisi ta nsalu,
ndikuyesa kunena "ndithudi" pansipansi,
mmene amanenera eni ake,
koma akutuluka ndi mawu a Jailosi.