Nsapato za Mayi Ozella

Mayi Ozella Tubbs abwera nazonso nsapato zija,
kachitatu tsopano chiyambireni sitiraka ya mabasi.
Chidendene chakumanzere chadyekera kumbali
ngati sopo wa m'nyumba ya ana ambiri.
Ndikuti, "Mayi, izi zatha."
Akuti, "Lemuel, zatha ndi nsapato. Ine ndilipo."

Mamailosi asanu kupita kutsidya kwa njanji
kukachapa malaya a azungu,
asanu pobwerera, mvula ya Alabama ili pamsana.
Basi imawapitirira ili mbee,
dalaivala akuyendetsa mphepo yokhayokha,
mipando yakumbuyo, yathu ija,
ikugwedezeka ngati mano otsala m'kamwa.

Ine pamsonkhano sindiyankhula.
Milomo yanga inazolowera kugwira timisomali,
mawu atulukira pati?
Koma phazi ndimaliwerenga.

Iyi imakwekwereza: mwini wake anakumana ndi chibonga cha wapolisi.
Iyi yaphulika kunsonga, ndi ya mwana wa Verlene,
akukula mofulumira kuposa malipiro a amake.
Zakuda zonyezimirazi n'za aphunzitsi Gaither.
Zakwera masitepe a kukhoti kanayi
kukalembetsa dzina loti adzavote.
Kanayi kalaliki wawaloza botolo la nyemba,
ati, tandiuza, zilimo zingati?
Munthu wophunzitsa masamu zaka makumi awiri.
Lolemba akupitanso. Akufuna ndizipukute.

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri
amayi anandiimika papepala lokulungira nyama
nazunguliza pensulo kuphazi langa.
Inkandigirigisha, ndinaseka. Iwo sanaseke.
Pepalalo ndi limene linalowa m'sitolo ya Harlan,
poti phazi lakuda silinkayesa nsapato.
Ine ndinatsala pawindo, mphuno pagalasi,
kuonerera chithunzi cha phazi langa
chikulandiridwa pakauntala.
Zinabwera zothina. Kubweza kunalibe.
Kachala kakumapeto kanapindika mpaka lero,
ndiko kamandiuza kuti kukubwera mvula.

Chikopa chinandithera mu Febuluwale.
Wogulitsa anati sachita malonda ndi oyambitsa chisokonezo,
anatero akuyang'ana kudenga,
munthu amene ndamugula kuyambira asanamere imvi.
Ndiye ndimadula matayala.
Mphwanga Cleophus amakawatola usiku
kudzala la kuseri kwa depoti ya mabasi,
n'kumawagubuduza mumdima ngati mwana.

Lachinayi lapitali njerwa inalowera pawindo.
Sinali ndi kalata, inali njerwa chabe.
Ndinasesa magalasi, ndinakutumula nsapato imodziimodzi
kuopa kuti wina angachekeke ali pa ulendo.
Njerwayo ndikukhomerapo misomali.
Ndi yolimba bwino.

Mantha ndili nawo, ndisaname.
Galimoto ikachepetsa liwiro panja
nyundo imaima yokha m'mwamba
mpaka nyali zake zitakhota pakona.
Mkazi wanga akuti tipite ku Detroit kwa mlongo wake.
Ndimati tiona. Mashelefu ndi odzaza,
ndiwasiyira yani?

Mayi Ozella akhala pabenchi, mapazi pa nyuzipepala,
masitonkeni onyowa, zala zikusuzumira.
Akutembenuza nsapato, akuona mizere ya tayala,
akuikanda ndi chikhadabo.
"Ili ndi la basi?"
Ndagwedeza mutu.
Aseka mpaka kutsokomola,
mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.
"Basitu ndakwera," akutero, "ndipo ndili pamwamba pake."

Ndikuti adzalipire zikadzatha izi.
Akana. Akuwerengera masenti makumi atatu patebulo,
limodzi limodzi, ofunda ndi m'chikhatho.
"Ngongole isakhale kwa ine.
Ali nayo ngongole akudziwika."

Atuluka. Kunja kukuwazabe.
M'matope a pakhomo mwatsala mizere ya tayala,
yaifupi, yosinthana, kumanzere, kumanja,
kulowera kunjanji.
Ndatenga ina pamulu.
Ilibe dzina, koma ndikumudziwa mwini wake.