Khadi la Ndowa

Asiyatu wabwera ndi chithunzi chake chokha.
Cha mkwati chafika pa foni kuchokera ku Joni,
atavala jekete lachisanu
pomwe ife kuno kwa Mpondasi tikupsa.

"Mutiyandikanitse," akutero,
"mapewa agundane."

Ndamudula mwamunayo pakhoma la eni,
ndamuimika pambali pake,
ndazunguliza maluwa agolide.
Koma dzanja lake likukana kukhazikika
paphewa la mtsikanayu.
Ndalisuntha kanayi.

Malo: bwalo la sukulu.
Mphatso: kwa Che Twaibu.
Tsiku?

Wazolika, akupotokola nsonga ya mpango.
"Akuti basi ya Disembala.
Chaka chatha ankateronso."

Magetsi asanathime ndasindikiza makumi asanu.
Pa tsikupo ndangosiya mzere,
adzalemba yekha ndi bolopeni.