Galasi Lotsinzina

Ndimayambira pamwamba penipeni,
chingwe m'chiuno, chidebe chikulendewera pantchafu,
mphepo ya kudoko ikundinyambita m'khutu.
Pansi apo mtsinje wa Maas ukukoka sitima zake mwaulesi,
njinga za mu Rotterdam zikuyenderera ngati nyerere zanunkhiza shuga.

Zaka khumi ndi zisanu ndatsuka mawindo a mzinda uno.
Kale anthu akandiona ankathamangira katani,
ndinkamva mphete zake zikukhula chitsulo,
ndipo penapake pankatsala kampata,
kadiso ka mwana, mchira wa mphaka.
Lero palibe wothamanga.
Chala chimangogunda pakhoma, mwina pafoni,
galasi lonse n'kuyera mbuu ngati lathiridwa mkaka,
ine n'kutsala ndikupukuta chifunga
chosamva sopo.

Hidde, yemwe anaika magalasiwa, anandilongosolera
tikudya buledi wa tchizi padenga:
pakati pa magalasi awiri pagona kapepala kopyapyala,
m'kati mwake muli timadontho tosaoneka ndi maso.
Magetsi akadutsa timafola ngati ana pamzere,
kuwala n'kupeza njira.
Akazima timabalalika, kalikonse kuyang'ana kwake,
kuwala n'kusochera.
Ndinamufunsa kawiri, kuopa kuti mphepo yandinamiza.
Eya, anatero akutafuna,
kubisala n'kwaulere,
kuonekera ndiko kumadya magetsi.

Pansanjika ya maloya amalitseka ndisanafike n'komwe,
amamva nsapato zanga zikuponda khoma.
Ndimangoona zithunzithunzi:
wina waima, wina wakhala wagwira mutu.
M'munsi mwake muli dokotala wa mano;
ameneyo akatseka ndimamuthokoza.
Pansanjika yachisanu ndi chitatu
banja lina linatsinzinitsa windo mu Malichi
ndipo mpaka lero silinaphenye,
maluwa a pakhonde anauma ali chiimire.

Koma pa yachisanu pali Mayi Oosterhuis.
Ana awo anawagulira galasili bambo atamwalira,
ati dzuwa la masana lisamawawotche,
ati a nyumba yoyang'anana nayo asamawawerenge makwinya.
Sabata yonse limakhala lotsinzina.
Lachinayi lokha, ndikamatsika,
mkaka uja umasanduka madzi,
mopanda phokoso, mopanda ngakhale odi,
ndipo ali apo, juzi yobiriwira, kapu m'manja,
akuloza pakona pomwe mbalame ya kunyanja yadetsa.
Ndimapukuta. Amagwedeza mutu.
Amalozanso pena,
pomwe palibe kanthu.
Ndimapukutabe.

Sitinamvanepo mawu.
Dzina lawo ndinaliwerenga pabelu la pakhomo.
Langa salidziwa,
pokhapokha ngati amayesa kuti ndine kampani
yolembedwa pamsana pangayi.

Lachinayi lapitali magetsi anathima dera lonse,
akuti okumba msewu anadula waya.
Nyumba yonse inachita khungu nthawi imodzi,
kuchokera kwa maloya mpaka pansi pogulitsira khofi.
Ndinatsika khoma la mkaka,
nsanjika ndi nsanjika, popanda nkhope ndi imodzi yomwe,
ndikudzifunsa kuti kodi ndikutsukira yani.

Nditafika pa yachisanu ndinamanga chingwe, n'kudikira.
Mphepo inandizunguza kawiri.
Kenako dzanja linatuluka m'chifungamo
n'kudzakhazikika pagalasi,
zala zisanu, mphete imodzi yokhwepa,
mizere ya m'chikhatho ikuoneka bwinobwino.
Izi Hidde sanandiuze,
kuti chimene chayandikira mpaka kukhudza
chimaoneka ngakhale magetsi atapita.

Dzanjalo linapinda zala zinayi,
chotsalacho n'kukwawira kumanzere,
n'kugogoda pakona katatu.
Ndinaviika burashi m'chidebe,
madzi atazizira kale, zala zanga zitachita dzanzi.
Ndinayang'anitsitsa.
Ulendo uno panalidi zitosi.