Galu Wosadya Nsomba

Usiku wonse Adzatopa akudzikanda.
Mwendo wake ukugunda chitseko cha malata
ngati mwini ngongole wabwerera zake.
Dzinali ndinamutcha polasa anansi amiseche,
lero anansiwo akundibwezera:
nanga adzatopa liti?

Ndinkati ndi nthata.
Ndinapita naye ku dibi, ndinawotcha chiguduli chake chogonera.
Nthata zinatha, kuyabwa kunatsala.
M'makutu kufiira ngati chivwende chong'amba,
mapazi kunyambita mpaka kunyowa,
pamsana zigambazigamba
ngati bwalo la mpira la ku Mpondasi mu Okutobala.

Ku ofesi ya za ziweto pa Boma
mayi Chikwenga anamugadamitsa, anamununkhiza khutu,
kenaka anafunsa ine: amadya chiyani?
Ndinaseka.
Galu wa ku Mangochi angadye chiyani, mayi?
Mitu ya utaka, matumbo a mlamba,
bonya wotsalira pansi pa dengu.
Iwo sanaseke.
Anati matupi ena amakangana ndi chakudya chawo chomwe.
Chotsani zonse. Musiye ziwiri zimene sanazizolowere,
masabata asanu ndi atatu,
osamulawitsa ngakhale kanyenyeswa.

Mu sitolo ya kufupi ndi nsanja ya wotchi
muli thumba lojambulidwa galu wa ubweya wonyezimira.
Ndinalitembenuza, chala changa chikutsata tizilembo:
ufa wa nsomba, nkhuku, tirigu,
ndi mayina ena oti lilime likhoza kubinya.
Mtengo wake, theka la malipiro anga.
Ndinalibwezera pamalo pake mwaulemu
monga ubwezera mwana wa eni akayamba kulira.

Ndiye mbatata ndi mbuzi.
Twaibu wa pa bucha amandisungira timizere ta m'mbali,
amakulunga m'pepala la simenti.
Iye galu samukhudza, ali ndi zifukwa zake,
koma Lachisanu lililonse, akupukuta mpeni, amafunsa:
wodwala uja wagona bwanji?

Kunyumba nkhani inavuta.
Ife therere, galu nyama? anatero mayi a Ndaziona,
akusenda mbatata mokwiya, makoko akudumpha.
Sindinayankhe.
Ndinangoyang'ana njinga yanga ya kabaza pakhonde,
ija akuba anaisiya pa mpanda chaka chatha
pamodzi ndi theka la thalauzi.
Nawonso anaiyang'ana.
Mawa lake anathira okha madzi mumphika wa galuyo.

Ndinkalemba kumapeto kwa kope la masamu.
Sabata yachiwiri, chitseko chagunda kosawerengeka.
Yachinayi, kasanu.
Yachisanu ndi chimodzi ndinadzidzimuka pakati pa usiku,
mtima uli thithithi,
ndi chete amene anandidzutsa.
Ndinatuluka ndi tochi.
Anali gone, mphuno pa mchira.

Koma Lamulungu lina khutu linafiiranso.
Ndinafufuza ngati wapolisi,
kudzala, kukhola, kwa aneba,
mpaka kuseri kwa bafa
komwe ndinapeza Ndaziona, wa zaka zinayi,
atanjuta, mutu wa kambuzi uli m'manja.
Amandiyang'ana, adadi, anatero.
Amandiyang'ana ndikamadya.
Ndikanamuuza chiyani?
Kuti chifundo nachonso chimayabwitsa?
Tinang'amba tsamba, tinayambiranso pa wani.

Pano mvula yagwa kawiri.
Zigamba zija zamera ngati msipu,
ubweya watsopano woderako kuposa wakale,
moti galu wanga akuoneka wosokedwa ndi telala.
M'mawa amayi a usipa amadutsa kuchokera ku mlatho,
mabeseni pamutu, fungo likuwatsogolera.
Adzatopa amadzutsa mphuno,
amawaperekeza ndi maso mpaka pa mtengo wa bwemba,
n'kubwerera ku mbale yake ya mbatata
ngati munthu wa shuga pa ukwati.

Akamaliza amadzatsamira bondo langa.
Masiku ano wokanda ndine,
pang'onopang'ono, kuseri kwa khutu,
pomwe iye wasankha.