Makosi a Timabotolo

Anamubweretsa pa kagalimoto ka mawilo atatu,
miyendo ili panja, matope a m'munda wa mpunga ku zidendene.
Fungo ndilo linayamba kulowa, iye pambuyo:
ngati adyo, ngati palafini, mankhwala opopera tizilombo.
Gunadasa wa ku Medirigiriya.
Mboni za maso zatsala ngati nsonga ya singano,
thovu kukamwa, malaya anyowa chipichipi,
m'chifuwa mukulira madzi
ngati ngalande yothirira imene yangotsegulidwa kumene.
Munthu akumira pa bedi louma.

Ine ntchito yanga usiku uno ndi kuthyola makosi
a timabotolo tagalasi ta atropini,
tating'ono kuposa chala cha khanda.
Thyo. Thyo. Thyo.
Titatu, akutero Dokotala Vasanthi, khutu lili pachifuwa.
Mphindi zisanu. Wirikiza.
Mphindi zisanu. Wirikizanso.
Chala changa chachikulu chatemeka, ndachikulunga thonje.

Kusukulu ya unamwino ku Kandy anatisonyeza chithunzi:
beladona, chitsamba cha m'nkhalango zozizira za ku Ulaya,
msuweni wa phwetekere ndi biringanya,
zipatso zakuda zonyezimira, akuti zotsekemera,
mwana akadya zochepa chabe sadzuka.
Sindinachionepo chili m'nthaka.
Ndimangodziwa madzi ake opanda mtundu,
chiphe chimene timatuma kukathamangitsa chiphe chinzake.

Mkazi wake, Leelawathi, waima pakhomo
atafumbata patapata wa mwamunayo.
Kaya unali mpope wodontha kumsana,
kaya ngongole ya feteleza,
usiku pano sitifunsa.

Mtima unali pa makumi anayi.
Wakwera, wakweranso, wadutsa makumi asanu ndi atatu.
Ndalowetsa dzanja m'khwapa mwake: gwa, mwauma.
Ngalande ija yaphwa.
Mboni zatseguka, zakuda bii ngati zipatso za pachithunzi,
ndipo wayamba kutola zinthu m'malere,
akukalipira njovu zimene akuti zalowa m'wodi
kudzadya mpunga wake pansi pa bedi lachitatu.
Basi, akutero dokotala, tapyola pang'ono. Chepetsa.
Pakati pa kuchiza ndi kupha
ndi popapatiza ngati kamzere ka pa jakisoni.

Kukucha. Akhwangwala ayamba phokoso padenga la khitchini.
Ndawerenga makosi m'kambale kachitsulo:
makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Leelawathi walowa osapempha,
wawerama, waika patapata uja pansi pa bedi,
ndiye wamutembenuza kuti aloze kukhomo.