Mapu Okulungira Zitumbuwa

Loweruka ndimakhala pa Intasite,
beseni la zitumbuwa pamwendo,
azakhali a Esinati ali uko
akukangana ndi oyitanira mabasi za chenje cha dzana.

Kuwerenga ndinaphunzirira pamphumi pa mabasi.
Nakonde, Mongu, Kasama, Chipata:
maina amenewa ndinkawamung'unya ngati switi
ndisanadziwe kuti kumakhala anthu,
otsuka mbale, odwala dzino ngati ife.

Zaka ndili nazo khumi ndi zisanu,
maulendo awiri okha.
Woyamba unali wa ku Petauke,
kumaliro a amalume amene sindinawaonepo.
Basi inafera pa Luangwa dzuwa lili paliwombo.
Akuluakulu akutukwana dalaivala,
ine ndinagula kansomba kootcha
n'kutsetserekera kokaona mtsinje.
Mayi wina wochapa anati,
madzi awa sagona pano, mwanawe,
akathira m'Zambezi, kenako kunyanja yamchere.
Ndinaponyamo mutu wa nsomba ija
kuti kanthu kanga katsogoleko.

Wachiwiri ndi wochititsa manyazi.
Minibasi ya ku Kabwata, buku m'manja,
pokweza mutu tili ku Chilenje,
kondakitala akugwedeza makobiri pakhutu panga.
Yobwerera ndinalibe.
Ndinayenda wapansi mvula ikundisambitsa,
buku lili m'kati mwa juzi ngati mwanapiye.
Kunyumba ndinati kunali mzere wautali.

Mabuku ndimagula kwa a Njobvu,
amene amayala katundu wawo pansi mumsewu wa Kairo.
Opanda chikuto amanditsitsira mtengo.
Lapamtima panga ndi la mtsikana wophika
m'sitima yapamadzi yonyamula anyezi.
Chiswe chinadya masamba omalizira,
nkhani imadukira pakati pa namondwe,
iye atagwira poto ndi manja awiri.
Ndalimaliza ndekha kasanu ndi kawiri.
Kawiri anamira.
Kamodzi anakwatiwa, koma pamenepo ndinafufuta.

Ndinali ndi buku la mapu limene sukulu inataya.
Sabata ina nyuzipepala zitasowa
azakhali analing'amba osandifunsa.
Ndinaona ndi maso angawa
Madagasika akukulunga zitumbuwa zitatu,
kupita ku Kitwe ndi bambo wachipewa chofiira.
Japani ananyowa mafuta mpaka kuonekera kuseri.
Peru anakwera basi ya ku Mongu.
Ndinalira, iwo anati,
dziko limadyedwa, Tikambenji? Bweretsa lina.

Ndinabisa tsamba limodzi m'sokosi.
Palibe dziko lenileni pamenepo,
madzi okhaokha obiriwira
ndi tizilumba ngati mpunga wotayikira patebulo.
Usiku magetsi akathima ndimaliunika ndi foni,
ndimasankha kachilumba kamodzi, kopanda dzina,
n'kumangapo nyumba ya zenera lalikulu.

Mnzanga Mwatitha akufuna ku Dubai,
akuti kumeneko ngakhale fumbi ndi laukhondo.
Ine ndikufuna sitima ya pa Kapiri,
masiku awiri njanji ikundigwedeza mafupa
mpaka kumene nthaka imathera.
Ndikalaweko madziwo ndi chala
ndione ngati mcherewo sanakokomeze olemba.
Ndikufunanso kwina kozizira
kumene mpweya wa m'kamwa umaoneka masana,
ngakhale Juni wa kuno amandiliza kale.

Koma chimene sindiuza munthu n'chaching'ono:
mpando wa pazenera,
tikiti yolembedwa dzina langa molakwika,
ine m'kati, beseni kunja.
Pamalo ena basi ikadzaima
padzabwera mtsikana atasenza zakezake.
Ndidzagula ziwiri, chenje asunge,
ndipo ndisanadye ndidzatambasula pepalalo
kuti ndione dziko limene andipatsa.

Tikambenji! Azakhali akuitana.
Ya ku Chipata yaliza hutala,
wina watulutsa dzanja pazenera,
ndipo ndikuthamanga m'mbali mwa basi
imene yayamba kale kuyenda.